Cacilda ndi Midzi Imene Netiweki Inaisiya Kunja

Mu 1993, Cacilda Zeferino anali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, wamtali kale ngati munthu wamkulu, koma anamukhazika pansi m'kalasi yoyamba pamodzi ndi tiana tamamina. Inu amene mukuona ngati mwachedwa nazo za moyo, tamvani za mayi ameneyu.

Banja lawo linali litangobwerera kumene ku Mongue, m'boma la Milange, kuchokera ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Pothawa anali anayi, pobwerera anali awiri, iye ndi bambo ake a Zeferino. Mayi ake ndi mlongo wake anatsala m'manda a kutsidya.

Ku Malawiko Cacilda ankaphunzira pasukulu ya m'mudzi woyandikana ndi msasa, ndipo anafika sitandade faifi. Koma kwawo kuno sukulu inali ya Chipwitikizi chokhachokha, ndipo iye sankatha ngakhale kupempha kuti apite kukataya madzi. Kutsidya ankamutcha wothawa. Kuno anzake anamupatsa dzina loti Mmalawi. Zinkamupweteka kwambiri.

Tsiku lina anawalondola bambo ake kumunda.

"Papá, ine sukulu basi. Akungondiseka."

A Zeferino anatsamira pankhwangwa. "Akuseke mpaka atope. Munda uwu ndinausiya woyera, lero ndikugwetsamo mitengo ngati mlendo, ndipo manyazi ndilibe. Nawenso pita ukagwetse yako."

Anabwereradi kusukulu. Loweruka lililonse ankapalasa njinga ya nyemba kupita nayo kumsika, masiku enawo n'kumalimbana ndi Chipwitikizi. Mayeso opitira ku sekondale analephera koyamba. Analira, n'kubwereza, n'kukhoza.

Mafoni a m'manja atafika ku Milange, Cacilda anazolowera kuima pa kabenchi ka a Laurindo, bambo wina wokonza mafoni pamsika. Ankamuthamangitsa, iye n'kubweranso mawa lake, mpaka bamboyo anatopa n'kumupatsa kasikuludiraiva komasulira mafoni. Kuyambira pamenepo sanacheukenso. Anakaphunzira za makina olumikizira anthu ku Quelimane, kenako anapeza ntchito yokwera nsanja za netiweki. Amuna anzake pantchito ankati akangokwera masitepe atatu ayamba kuitana amake. Ena mwa amunawo ndi amene pambuyo pake ankagwira chingwe pansi, iye ali pamwamba.

Atagwira ntchito zaka zambiri, anabwerera ku Mongue n'kuyamba kulumikiza masukulu ndi magulu a alimi a nandolo ku intaneti, kuti mlimi azidziwa mtengo wa mbewu asananyamuke pakhomo.

Ndiye kunamveka kuti bungwe loyang'anira intaneti m'dziko lawolo likufuna munthu mmodzi woimira madera a kumidzi. Musaupeputse mpando umenewo. Okhala pamenepo ndi amene amagamula kumene zingwe za intaneti zidutse, kumene nsanja zimangidwe, komanso ngati mayina ndi mbiri za nzika zizisungidwa m'makina a m'dziko momwemo kapena m'manja mwa alendo. Chiyambire, palibe munthu wa kumalire amene anakhalapo pampandowo.

Cacilda anaufuna. Anakonza mapepala ake mwezi wathunthu, n'kuwatumiza pa intaneti ali pakhonde pa bambo ake, kutatsala masiku awiri kuti atseke.

Yankho linabwera patatha sabata: pempho lake lakanidwa. Lamulo linkati opikisana atumize mapepala ali m'dziko muno, ndipo makina a bungwelo anaonetsa kuti ake anachokera kunja.

Apa mukhoza kuseka, koma anthu a kumalire sangaseke. Kumudzi kwa a Zeferino kunalibe nsanja. Foni ikafuna netiweki inkangogwira ya ku Malawi, ndipo aliyense ankasunga nambala ya kutsidya. Zinali zozolowereka ngati kupuma, moti ngakhale Cacilda, katswiri wa zomwezo, sanaziganizire n'komwe. Anatumiza pempho lofuna kuyang'anira intaneti ya dziko lake kudzera pa nsanja ya dziko la eni.

Anakhala pansi. Zaka zonse zija za thukuta, makina n'kungomuuza kuti si wakuno. Anachita manyazi, kenako anapsa mtima.

Anzake anamulangiza kuti angolemba kalata yopepesa, mwina akuluakulu amumvera chisoni. Iye anati, "Ndipepese chiyani? Kuti ndimakhala kwathu?"

Anapatsidwa masabata atatu oti achite apilo. Anatenga njinga, mafoni awiri ndi mapu aakulu a boma la Milange, n'kuyamba kutsata malire mudzi ndi mudzi. Akafika pamudzi ankaima pasukulu, pachigayo ndi patchalitchi, n'kuona netiweki imene foni yagwira. Ikagwira ya kwawo ankaika kadontho kobiriwira pamapupo. Ikagwira ya kutsidya ankaika kofiira, n'kupempha anthu atatu a pamudzipo kuti asayine kapena adinde chala.

Inali nthawi ya mvula. Njinga ankaisenza pamutu powoloka mitsinje, mapu atawakulunga m'pulasitiki n'kuwamangirira kumsana ngati khanda. Kwina ankamuyesa wandale, kwina kazitape. Koma akafotokoza, anthu ankachita kulimbirana kulankhula. Mzamba wina, mayi Lucinda, anamugwira dzanja.

"Mana Cacilda, mchemwali wanga, lembani izi. Ine mayi akadwalika pobereka, kuti ndiitane ambulansi ya ku Milange konkuno ndimaimba ngati ndikuimbira kunja. Nthawi zina imakana n'kulowa komwe. Mukawauze akuluakuluwo zimenezo, musakawanyengerere."

Pomaliza, madontho ofiira analipo makumi anayi ndi atatu.

Ulendo wa ku Maputo unamutengera masiku atatu pabasi. M'chipinda cha apilo munali anthu asanu ovala masuti, ndipo wapampando anali waulemu koma wothamanga.

"Senhora Zeferino, nkhani yanu ndi yapafupi. Makina sanama. Pempho lanu linachokera kunja kwa dziko."

Cacilda sanatsutse. Anatambasula mapu aja patebulo, matope a ku Mongue akadali m'mphepete mwake, n'kusanja pambali mapepala a zidindo za zala.

"Makina anena zoona, bwana. Koma ine sindinatuluke m'dziko. Ndi dziko limene silinafike kwathu. Midzi yonse yofiirayi mbendera yake ndi yomweyi, mavoti ake ndi omwewa, koma pa intaneti ili kunja. Mukandikana ine lero chifukwa cha zimenezi, mwaikananso midziyi. Ndiye mundiuze, intaneti imene mukuti ndi ya dziko lathuyi, malire ake ali pati?"

Wapampando uja anavala magalasi, n'kuwerama pamapupo nthawi yaitali, chala chikuyenda pa madontho. Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati angawasiyire mapuwo.

Dzina lake linabwezeretsedwa pa mndandanda. Musaganize kuti zinathera pomwepo. Anapikisana ndi anthu a madigiri a kunja, odziwa kulankhula Chipwitikizi chosalala, ndipo ena ankanong'onezana kuti mayi wokwera nsanja akadziwa chiyani za malamulo. Pa chisankho anapambana ndi mavoti awiri okha. Koma awiriwo anakwana.

Atatuluka panja anaimbira bambo ake. Foni inakana kawiri. Kachitatu inalowa, podutsa kutsidya monga mwa masiku onse, mawu a nkhalambayo akudukaduka.

"Papá, ndapambana! Mpando uja ndautenga!"

"Wati bwanji? Sukumveka, mwanawe!"

"Ndati ndapambana!"

Kunamveka phokoso, kenako kuseka. "Chabwino, ndamva. Ndiye ntchito yako uyambire pompano, kuti tsiku lina ndidzakumve bwinobwino ndisanafe."

Cacilda anaseka misozi ili mbwembwembwe, pakati pa msewu wa mumzinda, anthu akumudutsa.

Inu amene mwabwezedwa pakhomo chifukwa cha kumene munabadwira, kapena chifukwa cha cholakwa chimene simunachipange dala, musathamangire kupepesa ndipo musabwerere kukagona. Pitani mukasonkhanitse umboni wanu, ngakhale pa njinga, ngakhale m'matope, mubwere nawo mudzagogodenso. Mwina chimene akukukanirani lerocho ndi chimene chikusoweka patebulo lawo. Mtima wokhawo musautaye.