Thanki ya Mayi Velma

Mayi Velma Tackett anakulira m'kalavani ndipo amati adzafera momwemo. Ndi kanyumba kokoka ndi galimoto, kalavani ya malata onyezimira imene bambo awo anasiya, yakalekale moti inalibe posungira madzi otsukira. Za m'sinki ndi za m'bafa zinkangotsika ndi paipi n'kumwazika pa udzu. Ku nyanja ya Texoma munthu ankapeza malo awo ndi mphuno: ntchentche zobiriwira, amphaka, ndi kadambo kosauma ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ntchito yawo inali kutumbula milamba m'sinkimo, kukazinga, n'kugulitsa kwa asodzi.

Tsiku lina mwini malo watsopano, Bambo Gentry, anafika atagwira mphuno.

"Mayi, ikani thanki. Apo ayi, kokani chinyumba chanuchi muzipita."

Kupita kuti? Kalavani yoyandikana nayo inali ya mwana wawo Arlene, yemwe anali atangochira kumene. Anaitana mkamwini wawo Royce.

Royce atakanganula lata la kunsi, munagwa zisa za makoswe, thonje lowola ndi mafupa a kanyama kosadziwika. Analavula, n'kupitiriza. Anamangirira thanki, nalumikiza mapaipi.

"Amayi, mafuta ndi matumbo musamathirenso m'sinki. Panopa sizikupita pansi, zikugona nanu."

"Inu a Royce, ine ndinayamba kutumbula nsomba musanamere mano."

Anapitiriza monga kale. Kumeneko Julayi ndi mwezi wa dzuwa, ndipo kutentha kutafika pachimake, m'mawa wina anatsegula chitseko cha bafa kuti atenge mabulangete a khanda la Arlene omwe ankasungamo. Anawapeza akuyandama. Thanki inali itadzaza, madzi n'kubwerera. Anali otuwa, pamwamba mafuta ataundana, apa diso la nsomba, apo timphutsi tikuvina. Fungo lake, dzira lowola likuchepa. Mayi amene sananyansidwepo ndi kanthu anathamangira panja n'kukasanza.

Royce anakokera kalavaniyo ku dzenje lotayira, Bambo Gentry akuonerera. Anatsegula potulukira, osadontha ngakhale pang'ono. Anagona chagada n'kuyamba kutokosa ndi waya. Mwadzidzidzi khuthuu! Kumaso, m'ndevu, m'makutu.

"Tsekani pakamwa, a Royce!"

"Mwachedwa, amayi."

Bambo Gentry analankhula ataima patali. "Nsomba ikadzalowanso m'menemo ili ndi matumbo, tsiku lomwelo mukuchoka."

Mayi Velma anafuna kuwayankha, mawu anali nawo. Koma anaona Arlene ataima poteropo, khanda lili paphewa, atalifunditsa kansalu kumaso. 

M'mawa mwake ananyamula mpeni ndi ndowa, ulendo ku thebulo la padooko pomwe amuna amatumbulira nsomba zawo. Mpaka lero Mayi Velma amatumbulira pomwepo, milomo itakwinyika. Ati thebulolo ndi lauve, amunawo satsuka, ntchentche zake n'zamwano. Akaweruka amasamba mpaka m'zigongono, kenaka n'kukagogoda kwa Arlene kuti akanyamule khanda.