Galimoto ya pa ukwati wa Zakiya

A Yakubu Mtalika ndi mmisiri wa matabwa wochokera ku Ntaja, ku Machinga, ndipo ndakhala nawo mumpanda umodzi kuno ku Atteridgeville zaka khumi ndi ziwiri. Ine ndine Dyna, telala. Chipinda changa chayang'anizana ndi chawo, moti akatsokomola ndimamva. Kwawo ankakhoma zitseko ndi mabedi, koma Joni safunsa kuti munthu umatha chiyani. Atafika kuno anapatsidwa paipi yothirira maluwa kwa mzungu wina wa ku Garsfontein, a Oosthuizen, ndipo anathirira zaka zinayi osadandaula.

Tsiku lina bwanayo anabwera ndi chigalimoto chakufa pa lole, atachitola m'shedi ya pa famu ina. Inali galimoto ya m'ma 1930, yaitali kuposa tekisi, yokhala ndi galasi pakati lolekanitsa dalaivala ndi mabwana okhala kumbuyo. Zamtunduwu sankazipanga zambiri. Mmisiri ankayamba wamanga mafupa a matabwa, kenako n'kuwakuta ndi malata osula ndi manja. Iyi nkhuku zinali zitaikiramo mazira zaka zambiri, mipando makoswe anagawana, ndipo zitseko zinkachita kumangidwa ndi waya.

A Yakubu anasiya paipi, n'kubaya chala pa thabwa la chitseko. Chala chinalowa chonse.

"Baas, iyi chiswe chinaimaliza mkati," anatero. "Koma matabwa ndi ntchito yanga. Ndikhoza kuidzutsa."

Bwana anaseka kaye. Patatha milungu itatu, ataona chitseko chimodzi chikutsekeka popanda kuchikankha, kuseka kunatha. Tsiku limenelo Zakiya, mwana wa a Yakubu mmodzi yekhayo, amene mayi ake anamwalira ali wamng'ono, anali atawabweretsera bambo ake mankhwala a chifuwa. Bwana anamuloza n'kunena kuti: "Ukaimaliza, mwana wakoyu adzakwera kumbuyoku pa ukwati wake. Dalaivala ndidzakhala ine."

Mawu amenewo anatizunza zaka zisanu ndi chimodzi. A Yakubu anawanena ku mzikiti, anawanena mu tekisi, anawanena kwa ogulitsa tomato ku Marabastad, ngakhale kwa ine amene sindinafunse. Madzulo ankabwera tsitsi lili mbuu ndi utuchi, foni ili m'manja, kutionetsa zithunzi: ili ndi denga, uwu ndi msana, apa ndi pokhala Zakiya. Kunena chilungamo, manja anali nawo. Thabwa ankaliphika ndi nthunzi mu paipi yachitsulo mpaka livomere kupindika, ndipo likakana ankayambiranso popanda kutukwana. Chala chimodzi chinatsala pa sowo chaka chachitatu, koma Lolemba lotsatira anapita kuntchito.

Kenako bwana anayamba kupempha zodabwitsa. Anati matabwa atsopano asamaoneke atsopano. A Yakubu anawapaka masamba a tiyi ndi mwaye, anawongola misomali yadzimbiri yochokera m'matabwa ovunda n'kuikhomanso, mpaka anakopera ndi pensulo manambala amene amisiri akale analemba mkati mwa zitseko. Ndinawafunsa kuti bwanji munthu akubisa ntchito yabwino chonchi. Anandiyankha kuti n'kulemekeza amisiri amene anafa. Ndinangoti chabwino, poti ine ndimadziwa za ulusi.

Nthawi yonseyi Zakiya anali akukula. Hassani, mnyamata wofatsa wogulitsa makatani ku Marabastad, anatumiza akwawo kudzafunsa mbeta, ndipo zonse zinayenda bwino mpaka pa tsiku. A Yakubu anati adikire galimoto. Chaka chinatha, anasunthanso tsiku, poti mipando inali isanakutidwe. Diresi ndinasoka ndine, ndipo ndinaiphwasula kawiri chifukwa mtsikanayo ankangowonda. Akwawo kwa Hassani anayamba kulankhula za atsikana ena mokweza, kuti ife timve.

"Abambo, ine tekisi ndikwera," Zakiya anawauza tsiku lina ndili pomwepo ndi mapini pakamwa. "Sindikukwatiwa ndi galimoto ine."

"Mayi ako anakwera njinga," anatero a Yakubu. "Iwe ayi."

Zakiya anatembenuka kuti ndipitirize kubaya mapini. Ndinawakwiyira bambowa tsiku limenelo, ndipo mpaka lero mkwiyowo sunathe.

Galimoto inatha mu Ogasiti chaka chatha, yakuda, yonyezimira, ndipo ukwati anauika Loweruka lachiwiri la Seputembala. Kutatsala sabata imodzi, kwa bwana kunabwera mlendo wochokera kunja, katswiri wa magalimoto akale. Zimene zinachitika kumeneko a Yakubu anandiuza patapita miyezi. Mlendoyo anakwawa pansi ndi tochi, anagogoda thabwa lililonse, ananunkhiza, anawerenga manambala a pensulo aja. Atadzuka anati sanaonepo matabwa a zaka makumi asanu ndi anayi osungika chonchi, osakhudzidwa ndi munthu. Bwana anavomera kuti inde, sanakhudzidwe.

A Yakubu anali ataima pakhomo pa garaja, mtima uli m'mwamba ndi chisangalalo. Anamva kuti ntchito yawo yatamandidwa, basi. Anayandikira, n'kukweza dzanja lawo la zala zinayi lija.

"Bwana, denga ilo linandivuta miyezi isanu..."

"Uyu ndi wa m'maluwa," a Oosthuizen anamuuza mlendoyo akumwetulira. "Amaipukuta, ndiye amaikonda. Yakubu, kapinga wauma kumbuyoko."

Lachiwiri kunabwera kontena, poti mlendo uja anali atagula galimotoyo. Galimoto anaikankhiramo anthu anayi, a Yakubu ali mmodzi wa iwo. Lole itatuluka, bwana anapempha foni yawo ngati akufuna kuona nthawi, n'kufufuta zithunzi zonse za zaka zisanu ndi chimodzi. Anawapatsa zida zawo m'thumba, n'kuwauza kuti maluwa apeza wina wothirira, ndipo akamalankhulalankhula za matabwa, pali anthu amene angakonde kuona mapepala awo okhalira m'dziko muno.

Anabwera kunyumba osanena kanthu. Lachitatu anadzuka m'mawa monga mwa masiku onse, n'kukakhala ku renki ya matekisi mpaka madzulo. Lachinayi anazula mzati wa geti lathu kuti galimoto yaitali idzathe kukhota, ndipo ine ndinawagwirira fosholo, chitsiru ine. Lachisanu anakwirira maenje a mumsewu ndi zidutswa za njerwa.

Loweruka nikah, ukwati wachisilamu, inamangidwa ku mzikiti m'mawa, ndipo galimoto inkayenera kudzatenga mkwatibwi kunyumba nthawi ya 11 kupita naye ku holo. Msewu wathu unadzaza. Anabwera a ku mzikiti, a ku Marabastad, ngakhale Asotho oyandikana nafe amene anamva nkhaniyi zaka zonsezi, aliyense foni ili m'mwamba. Zakiya anakhala pampando pakhomo, manja ojambulidwa bwino ali pamiyendo.

Itakwana 12, a Yakubu anaika foni kukhutu n'kulengeza kuti yanyamuka. Itakwana 1 anati ili pa roboti ya ku Marabastad, magalimoto achuluka. Anthu anayamba kuseka, poyamba mobisa. Wina anakuwa kuti, "Eish, madala, mwina chiswe chaipeza panjira!" Akwawo kwa Hassani anaimba kuchokera ku holo kuti mpunga wazizira ndipo alendo ayamba kuchoka. Itakwana 2, ndinaima pafupi nawo n'kuona kuti foni imene ankalankhulapoyo inali yozima.

Zakiya nayenso anaona. Anadzuka, ananyamula m'munsi mwa diresi kuti isakhudze fumbi, n'kuyenda mpaka pamene panali bambo ake. Sanakweze mawu, koma msewu wonse unali chete.

"Abambo, munadziwa liti?"

A Yakubu anayang'ana pansi. "Lachiwiri, mwanangu."

"Lachiwiri," anabwereza Zakiya. "Ndiye munaona kuti kuli bwino andiseke ine, kusiyana n'kuti akusekeni inu."

Anatembenuka n'kupita yekha kumsewu waukulu, ine ndikuthamangira pambuyo ndi nsapato zake. A Yakubu anatsatira mapazi angapo, akuitana dzina lake. Zakiya anacheuka kamodzi kokha.

"Inu tsalani," anatero. "Wina ayenera kuidikira."