Tinkaika Mayi Ake, Wezi Akuyesa Ali Kuchipatala

Ndinadzuka kusanache, mwendo utachita dzanzi chifukwa khanda langa linaugonera. M'siwa munkanunkha makandulo. Amayi amene anachezera kuimba anali atagona chokhala, atatsamirana, zitenje zili kumutu. Pakati pathu panali bokosi la achemwali anga, amene anandilera mayi athu atamwalira.

Panja kunali nkhungu ija ya Mzuzu yoti nyumba ya mnzako osaiona. Kuno ku Salisbury Lines madzi sachedwa kudikha, ndiye azibambo anali atayala matabwa pamatope kuti anthu aziponda. Tinasonkha moto kuseri, nkhuni zili zonyowa. Tinatereka nyemba, ena akudula kabichi, aliyense akupukuta m'maso.

Koma ine ntchito yanga inali ina. Achemwali anasiya mwana mmodzi, Wezi, wa Sitandade 1. Bambo ake ali ku Joni, analephera kubwera kaamba ka mapepala. Akuchimuna anagwirizana kuti mwanayo asauzidwe. Azakhali ake ndiwo anatsogolera, amati mwana wamng'ono akaona maliro amalota zoopsa, adzamva akakula. Choncho Wezi anakamusungitsa kwa mayi wina kutsidya kwa ngalande, n'kumuuza kuti amayi ake akadali kuchipatala, kunyumba kuli mapemphero. Ine anandiuza kuti ndizionetsetsa kuti asawoloke. Sindinatsutse. Pakhomo pa eni sufulumira kutsegula pakamwa.

Kutacha anthu anayamba kufika. Anabwera amayi a kumsika amene ankagulitsa tomato limodzi ndi achemwali, ndowa za ufa zili pamutu. Anabwera anyamata a kabaza n'kundandalika njinga zawo m'mbali mwa msewu. Ena anatsika wapansi kuchokera ku Kaning'ina atasenza nkhuni. Amayi a mpingo anafika atavala zoyera, koma m'munsi monse muli matope. Mvula yamawawa inayamba ndipo sinalekeze.

M'gulu limenelo munali aphunzitsi a Wezi, mayi wamfupi, ambulera yothyoka nthiti ili m'manja. Atapepesa m'nyumba anandikodola. "Pepani chomene. Nanga mwana ali kuti?" Ndinawafotokozera. Kenako anandiuza zimene ife apabanja sitinkazidziwa. Chigonekereni mayi ake kuchipatala, Wezi ankalemba bwinobwino, masamu akukhoza, m'kope muli machongi okhaokha. Koma anasiya kuimba. Phada sankaseweranso. Phala lakusukulu ankapatsa anzake, ndipo tsiku lina anadzikodzera ali chikhalire, osapempha kutuluka.

"Mwana sabwera kusukulu ndi mutu wokha, amama, amabwera yense," anatero. "Lolemba anzake akamuuza pabwalo, ndipo ana sasankha mawu. Mukufuna akamvere kumeneko?"

Ndinawoloka ngalande kukamuona. Ana a pakhomopo ankachita masanje. Anali ataika chitsononkho m'kabokosi ka sopo, akuchikwirira pansi pa mpanda, akuimba nyimbo zomwe anazimva kwathu. Wezi sanali nawo. Anaima payekha atavala juzi yake yakusukulu, maso ali ku utsi wochokera kwawo. Anandifunsa kuti, "Anti, mapemphero amenewa bwanji akulira?" Ndinamukonza kolala.

Ndinabwerera n'kukagwada pafupi ndi azakhali. Anali pa zokambirana za pulogalamu ndi azibambo, ndiye ndinadikira. Ndinadikira mpaka mawondo anazizira. Atatembenuka ndinapempha kuti mwana aone nkhope ya mayi ake. "Yayi! Mwana ngwithu," anatero, kundikumbutsa kuti mwana ndi wawo. Ndinapita kwa amuna anga, iwo anati zimenezo n'za akuluakulu. Ndinapita kwa mkulu wa mpingo, iye anati zimenezo n'za banja. Aliyense anandiyankha mwaulemu.

Ndili mkati mozungulira choncho, analengeza mwambo woona nkhope. Mzere unayamba, akuchimuna patsogolo. Ndinalowa nawo. Achemwali anagona atatsinzina, kuchipumi kuli kachipsera kamene Wezi ankakonda kukagwiragwira akamagona. Nditatuluka ndinasiya khanda m'manja mwa mayi amene ndinayandikana naye, n'kuthamanga kukatenga Wezi. Thabwa la pangalande linkaterera. Pobwera ndinamunyamula Wezi, ngakhale ndi wamkulu woti n'kuyenda yekha. Tisanafike n'komwe ndinamva kulira kwasintha, kwakwera. Ndinadziwa kuti atseka bokosi.

Ndinamutsitsa pambali pa lole yopita kumanda, ndinagwada m'matope kuti tifanane msinkhu. Ndinati, "Wezi, amayi sali kuchipatala. Anamwalira. Ali m'bokosi limene akutulutsalo. Sabweranso." Mawu ena okoma sindinawapeze.

Sanalire. Anayang'ana bokosi likudutsa pamapewa a azibambo, mvula ikuligwera. Kenako anafunsa, "Awafunditsa?" Ndinati eya, bulangete lawo lofiira lija. Zinali zoona, ndinawafunditsa ndine.

Ndinakwera naye lole ya amayi. Azakhali anationa n'kuyang'ana kumbali. Ena ankanong'onezana, ena anatisunthira malo. Tinayenda pang'onopang'ono, oimba ali patsogolo. Anthu m'misewu ankaima, azibambo kuvula zipewa. Wezi anakhala pamiyendo panga, wouma gwa ngati mtengo, atagwira chitenje changa ndi manja onse awiri.

Kumanda kunali matope ofiira. M'dzenje munali mutalowa madzi, anyamata anayamba kaye akapa ndi zitini. Ulaliki unali waufupi chifukwa cha mvula. Dothi litayamba kugunda pabokosi, Wezi anatseka makutu, koma maso sanachotse. Pa nthawi ya nkhata anaitana akuchimuna, akuchikazi, a mpingo, a kumsika. Mwana sanamuitane, pakuti pa pulogalamu panalibe. Nkhata yanga ndinamupatsa iye. Anakaiika yekha, nsapato zikumira, n'kuiwongola kuti ikhale bwino. Apo azakhali analira mokweza kwambiri. Sindikudziwa ngati ankalirira mlamu wawo kapena ankalirira zimene ndinachita.

Pobwerera anthu anasamba m'manja, anadya, anabalalika. Aphunzitsi potsanzika anawerama n'kumuuza Wezi kuti malo ake adzamusungira, adzabwere akadzafuna.

Madzulo mabenchi anali atabwezedwa kutchalitchi. Mipando imene tinatulutsa inali isanalowe, ndiye pabalaza panaoneka pakakulu. Azakhali anadzitsekera kuchipinda, sanandilankhule, ndipo ndinadziwa kuti m'mawa kukhala mlandu. Wezi anakana chakudya. Anakhala pamphasa atanditsamira, chala chili m'kamwa, chinthu chimene anasiya kalekale. Ine ndinkayamwitsa. Mvula inali itasiya, kunkangomveka madontho a padenga.

Ndiye ndinatsokomola. Wezi anadzuka ngati waotchedwa, anandigwira nkhope ndi manja ozizira.

"Anti, inunso mupita kuchipatala?"

Pakamwa panga panali patafika kale mawu oti ayi, ine sindidzapita konse. Ndinawameza. Ndinati, "Ndi utsi chabe. Ndikadzadwala, ndidzakuuza ndekha."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kufufuza ngati nanenso ndikunama. Kenako anaika mutu pachifuwa panga, pambali pa khanda, n'kuyamba kulira.