Foni ikufunsabe za miyendo yanu

Amayi, lero ndimafunsa AI ya mufoni za mbewu ya nandolo. Itandiyankha, yawonjezera kuti, "Nanga miyendo ya amayi anu inasiya kutupa?" Ndangokhala pansi pamsika pa Boma, anthu akundiyang'ana.

Mukukumbuka tsiku lija pakhonde ku Jenala, inu mukusenda kalongonda, ine ndikulemba mufonimo zonse zimene zinkakupwetekani? Munaseka, amvekere, "Kameneko kamva lero, mawa kaiwala ngati achimwene ako." Amayi, sikanaiwale. Achimwene anasiya kukutchulani, ndipo munda wanu akulima ena. Kokukumbukani katsala komweko, koma sikadziwa kuti tinakuikani m'manda chaka chatha. Ndangokayankha kuti mukupezako bwino. Ndikakauza zoona, adzandifunsenso za inu ndani?