Mbewu zimene ndinagulitsa ku kachasu

Chizindikiro choyamba chinali manja. M'mawa uliwonse ankanjenjemera mpaka khasu kundipulumuka. Ndikamwa kachasu pang'ono ankasiya, ndiye ndinkati ndapeza mankhwala. Inali nthawi ya nkhondo, kwathu ku Malowera, ndipo kumwa ndinakuyamba titaika mng'ono wanga m'manda.

Masiku amenewo mbewu tinkazikwirira mumtsuko kumunda poopa asilikali. Malowo tinkawadziwa awiri, ine ndi mkazi wanga Nabanda. Ndinkapita ndekha, kufukula, kutapa chimanga n'kukasinthanitsa ndi garafa, botolo la kachasu. Mumtsukomo ndinkathiramo mchenga, pamwamba n'kuwaza timaso ta chimanga.

Mvula yoyamba itagwa, Nabanda anafukula mtsuko uja. Anapisa dzanja, n'kutulutsa mchenga. Sanalalate ayi. Anayenda khomo ndi khomo kupempha mbewu, tinabzala mochedwa, ndipo chaka chimenecho ana anga anadya mizu ya kutchire. Wowadyetsa mizuyo ndinali ine, bambo wawo! Manyazi ake sanandichoke mpaka lero.

Chimanga chikumasula, maso anga anachita chikasu, miyendo inatupa, chakudya chilichonse ndinkasanza. Mlamu wanga anandikweza pa njinga mpaka kuchipatala ku Fingoe. Tinadikira pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa ovulala ankalowa poyamba.

Namwino wake anali bambo wosaseka. Anandiyang'ana m'maso, n'kundiika soro, madzi olowa m'mitsempha, pamkono. "Bambo, jekeseni ya kachasu kulibe," anatero. "Musasiye mowa muli nokha kunyumba, mungakomoke. Mugona pano tikuyang'anireni."

Tsiku lachitatu linali loopsa. Thukuta kamukamu, ndikuona njoka pakhoma, ndikukuwa ngati mwana. Nabanda ankandimwetsa phala ndi sipuni, phala la ufa wopempha. Ndinagona m'chipatala milungu itatu.

Ponditulutsa, namwino uja anati chiwindi chikhoza kuchira, koma chilakolako chimabwerera. Anandituma kwa amuna anayi a kutchalitchi amene anasiya mowa. Tinkakumana Lachitatu lililonse, kulima munda wa mmodzi wa ife, kenako kuuzana zoona. Ndinagwa kamodzi, n'kumwanso pamaliro a mnansi. M'mawa mwake anzangawo anabwera ndi makasu awo, osanditukwana, ndipo ndinayambiranso kudziletsa.

Titakolola chaka chotsatira, Nabanda anasankha mbewu n'kudzaza mtsuko womwe uja. Ine ndinatembenukira kumbali kuti ndisaone kumene akaubise. Koma anabwera n'kuuika pamapazi panga. "Kakwirireni ndinu, a Phiri. Malo ake musandiuze." Ndinalira ana akuona.

Lero ndakalamba, manja sanjenjemera, ngakhale chakudya cha mafuta chimandivutabe. Amuna anzanga, manja akayamba kufuna mowa m'mawa, pitani kuchipatala msanga, ndipo pezani anzanu oti muziwauza zoona. Musadikire mpaka ana anu adye mizu. Mtsuko uja ndinaufukula ndekha mvula itagwa, ndipo unali wodzaza.