Gitala ya M'bokosi la Fodya ndi Buleki ya Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinapanga gitala imene inathamangitsa agalu onse a m'komboni yathu ya Kalingalinga. Ena anakapezeka ku Chainda patapita masiku atatu, akunjenjemerabe. Mboni zilipo, kungoti zambiri zinasamuka.

Koma nkhaniyi imayambira m'makutu mwa atate. Atate ankagwira ntchito pa chigayo ku Mtendere, ndipo phokoso la zaka zambiri linawadya makutu pang'onopang'ono ngati anankafumbwe m'thumba la chimanga. Iwo ankakana. "Ine sindinagonthe," ankatero. "Inu anthu a m'tauni ndi amene mumalankhula ngati mwabisa chakuba m'kamwa." Ukawauza kuti mchere watha, ankayankha kuti inde, mvula chaka chino ichedwa. Pakhomo tonse tinazolowera kungovomera. Munthu amene amabwera madzulo ali mbuu ndi ufa mpaka m'nsidze, atakunyamulirani kajumbo ka gaga wa nkhuku, simumutsutsa pa nkhani ya makutu ake.

Chimene chinkandiwawa ine ndi banjo. Amayi ankati kwathu ku Katete atate anali katswiri wa banjo, moti iwo anawalola ukwati nyimbo isanafike pakati. Ine ndinali ndisanawamvepo akuimba. Tsiku lina nditawafunsa, pafupi ndi khutu, anayang'ana kumbali n'kunena kuti, "Mama, mabanjo a masiku ano alibe mawu." Ankanditchula Mama chifukwa dzina langa, Esinala, ndi la amayi awo. Pamenepo ndinatsimikiza mumtima kuti ngati vuto ndi mawu, ndipanga chinthu cha mawu oti ngakhale chigayo chiime kaye chimvetsere. Ndinkafuna atate amve nyimbo, basi.

Bokosi ndinalipeza m'nyumba momwemo. Amayi ankachapa zovala kunyumba ina ku Kabulonga, ndipo bwana wa kumeneko atataya kabokosi kathabwa ka ndudu zija zonenepa ngati chala chamanthu, iwo anakatola n'kumasungamo mabatani, singano ndi makadi athu a kusikelo. Ukakatsegula kankanunkhira fodya wa anthu amene sanakwerepo minibasi. Zonsezo ndinazisamutsira m'sokosi ya atate. Mkono wa gitala ndinadula ku thabwa la bedi limene linagwa kale, sinditchula amene analigwetsa. Makiyi okungira zingwe anali mabawuti atatu. Zingwe zinali twaini wa nsomba amene anyamata ankawedzera m'madamu a ku yunivesite. Nditakhwatcha koyamba, gitala inalira ngati udzudzu umene sunadye sabata yathunthu. Ineyo, wamakutu awiri abwinobwino, ndinachita kuwerama kuti ndiimve.

Amayi atapeza mabatani awo m'sokosi, anandikumbutsa ndi mthiko kuti bokosilo linali ndi mwini. Koma nditawauza cholinga changa, mthiko unaima m'mwamba, unakhala kaye komweko, kenako unatsika wokha. "Kabise kuseri kwa thumba la makala," anatero. "Ndipo upite kwa Ba Daka. Mawu amenewo ngakhale mphaka sangadzuke nawo."

Ba Daka anali okonza mawailesi, akwathu ku Katete koma obadwira m'tauni. Kantemba kawo kanali pafupi ndi msika, kodzaza mawailesi akufa mpaka kudenga, konunkha utsi wa mtovu wowotcherera mawaya. Gitala ndinaisiya kunyumba, poopa kukumana ndi atate panjira.

"Ba Daka, nifuna gitala yanga izikamba mokweza."

"Ufunika pikapu," anatero osadzutsa mutu.

Ndinayang'ana kumsewu. Pikapu imene ndinkaidziwa inali imodzi, yonyamula mabuloko. "Sizakwana mu bokosi," ndinatero.

Ba Daka anaika pansi chowotcherera n'kuseka mpaka kutsokomola. "Osati ya mawilo, iwe mwana wa Ba Phiri. Pikapu ni khutu ya gitala. Imamvela, yatumiza ku sipika. Manje ni vinthu viwili, usankhe weka."

Choyamba chinali kachitsulo kopyapyala ngati ndalama, kotuwa pakati, kochokera m'wotchi yakufa yodzutsa anthu m'mawa. "Aka umamatika chabe pansi pa chivundikilo, kasebenza lelo lomwe. Koma ni ka miseche. Kamvela vonse." Pofuna kundionetsa, anakalumikiza ku sipika yawo yaikulu imene anaikhazika m'chigubu, n'kukaika pa tebulo. Tsoka ilo, tebulolo ndinali nditalitsamira ndi mimba, ndipo masana amenewo tinali titadya nyemba. Sipika inabangula ngati lole yokwera phiri la Manenekera. Mayi wina wogulitsa tomato anayamba kuvundikira katundu wake poganiza kuti mvula yafika. Izi sindikuwonjezera, mayiyo ndi mmodzi wa amene anasamuka.

Chachiwiri chinali maginito a sipika yakufa, oti azingidwe ndi kawaya ka kopa kopyapyala ngati tsitsi la khanda. "Aka ni ka makani," anatero Ba Daka. "Ungakuwe, ungalile, mimba ingakambe, sikamvela. Kamvela chabe nsimbi." Nsimbi m'chilankhulo cha m'tauni ndi chitsulo.

Pa mawu onsewo ine ndinatolapo amodzi: mimba sikamva. Nkhope inali ikutenthabe ndi manyazi. Komanso maginito anali olemera, ooneka ngati chinthu cha anthu akuluakulu, pamene kandalama kaja kankaoneka ngati koseweretsa.

"Nasankha maginito."

"Vingwe vako ni va bwanji?"

"Vitatu."

"Nakamba ni va bwanji?"

"Volimba."

Asanafunse kachitatu, panafika bambo atasenza wailesi yakanema pamutu ngati mtolo wa nkhuni, nkhani yathu n'kuthera pomwepo. Mwana wa munthu wosamva ndinabwerera kunyumba ndisanamve kanthu.

Kuzinga waya kunanditengera sabata. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pa chitini m'kantemba muja n'kumazinga, waya ukaduka Ba Daka n'kulumikiza akung'ung'udza. Ndinazinga mpaka chala changa chinazolowera, moti Lamlungu m'tchalitchi chinkazungulirabe chokha pa nthawi ya chopereka, ndipo mkulu wa mpingo anaganiza kuti ndikumuuza kuti afulumire. Ba Daka atamaliza kuwotcherera waya wopita ku sipika, ndinakamatika pikapu ndekha kunyumba, pansi pa zingwe. Kuyesa sitinayese, chifukwa Loweruka sipika inapita kukatumikira pa kitchinipate, phwando la mkwatibwi, ku Mtendere.

Lamlungu masana, titabwera kutchalitchi, Ba Daka anafika akukankha wilibala, mmenemo muli chigubu cha sipika ndi batire ya galimoto. Mukudziwa komboni. Wilibala ikalowa pakhomo pa munthu, imalowa ndi anthu. Ana anakwera pa mpanda, ochokera kumpopi anatula zigubu zawo, ndipo Bana Mwape, oyandikana nafe amene pakamwa pawo panalibe chitseko, anabwera ndi mpando wawo. Atate anakhala pa mpando wachikopa atavalabe jekete ya kutchalitchi. Nditatulutsa gitala kuseri kwa makala, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana amayi.

Ba Daka analumikiza mawaya. Sipika inati hmmm, ngati munthu amene akuganiza zokana ngongole ya mawu. Ndinakhwatcha. Inapitiriza hmmm. Ndinakhwatcha mwamphamvu, Ba Daka anakweza mpaka kumapeto, koma m'chigubumo simunatuluke nyimbo ngakhale ya nyerere. Thukuta linayamba kunditsika kumsana. Ndinapitiriza kukhwatcha chifukwa sindinkadziwa kuti munthu amaleka bwanji.

Nditadzutsa maso, ndinaona phazi la atate likugunda pansi. Mutu unkagwedezeka motsatira dzanja langa. Anali akumwetulira, maso atatsinzina pang'ono ngati munthu amene nyimbo yamufika pamtima. Kenako anaomba m'manja n'kunena mokweza, monga amachitira anthu osamva, "Yalira bwino, Mama! Koma Daka, chepetsako pang'ono, tisavute anzathu."

Bana Mwape anayamba kuseka, koma amayi anawayang'ana ndi diso limene linabweza kusekako kukhosi, moti mpaka lero mayiwo amatsokomola nyengo yozizira. Atate anayang'ana nkhope imodziimodzi. Phazi linaleka kugunda. Ndinawaona akumvetsa kuti gitala sinalire, ndipo ndikanakonda mthiko khumi kusiyana ndi kuona zimenezo. Ndinali nditaitana komboni yonse kuti idzaone chinthu chimene ife pakhomo tinkachibisa zaka zonse.

Ba Daka anawerama n'kugwira zingwe. "Twaini wa nsomba," anatero motsitsa. "Iwe, sininakuuze ati kamvela chabe nsimbi?" Anapisa m'thumba n'kutulutsa kandalama kaja. "Osalila. Tizamatika aka ka miseche, kamvela ngakhale twaini."

Atate anatambasula dzanja, ndinawapatsa gitala. Anatsina chingwe chimodzi, anagogoda maginito ndi chikhadabo, anayang'ana kandalama m'dzanja la Ba Daka. Anandikokera pafupi. "Ichi anazinga ndani?"

"Ine," ndinakuwa m'khutu mwawo.

"Masiku angati?"

Ndinawaonetsa zala zisanu ndi ziwiri.

"Bweza kanthu kako m'thumba, Daka. Mwana wasankha kale, ndipo khutu wapangali lilibe mlandu. Ungolipatsa zimene limamva."

Ananyamuka, anavula jekete n'kuipereka kwa amayi, anapita pamene anayedzeka njinga yawo. Njinga imeneyi inali yopitira ku chigayo, ndipo palibe aliyense ankaloledwa kuikhudza ngakhale belu. Anatenga pulayala ya Ba Daka n'kumasula waya wa buleki yakumbuyo. Anakhala pansi n'kuyamba kuupombosola, kawaya kamodzikamodzi, zala zawo zikudziwa ntchitoyo popanda kufunsa mutu. "Ku Katete tinkatero," anatero, osayang'ana munthu. Palibe amene anachoka. Ngakhale madzi a m'zigubu zija anadikira.

Atamanga zingwe zitatu zachitsulo, anandibwezera gitala. Ba Daka anali ataiwala kuti anasiya sipika ili pamapeto. Ndinakhwatcha kamodzi.

Apa ndi pamene agalu ananyamuka. Malata a nyumba zitatu anayankha. Mwana wina anagwa pa mpanda n'kudzuka akuvina. Nkhuku ya Bana Mwape inaikira dzira la Lachiwiri pa Lamlungu, ndipo dziralo ndinaliona ndi maso angawa. Ndinaimba kanyimbo ka Sande sukulu, kokhako kamene ndinkakadziwa, maso anga ali pa phazi la atate.

Phazi silinagunde. Mutu sunagwedezeke. Nkhope yawo inachita makwinya ngati alawa ndiwo zopanda mchere. Mtima wanga unagwa, ndinaganiza kuti ngakhale izi sizinawafike. Kenako anakweza dzanja.

"Ima kaye, Mama. Chingwe chapakati chatsika. Ukuimba ngati mbuzi yakodwa mumpanda."

Sindinayambe ndasangalalapo ndi chipongwe ngati tsiku limenelo. Ndinaseka misozi ili mbwembwembwe, ndipo amayi anabisa nkhope m'jekete imene ananyamula ija. Atate anatenga gitala, anagunditsa chibwano pa bokosi kuti mawu awadutse m'mafupa, anapotoza bawuti wapakati pang'ono, anamvetsera, anapotozanso. Kenako anaimba. Inali nyimbo ya kwawo imene sindinkaidziwa, yothamanga, zala zikudumphadumpha pa thabwa la bedi lija. Amayi ankaidziwa. Isanafike pakati anali atamanga kale chitenje m'chiuno, ndipo ndinamvetsa mmene ukwati uja unavomerezedwera.

Njinga inakhala ndi buleki yakutsogolo yokha kwa nthawi yaitali, chifukwa chingwe chikaduka atate ankapombosolanso pa waya womwewo, ndipo utatha anayamba kuyang'ana wakutsogolo. Potsetsereka ankaimitsa ndi chidendene. Nsapato yawo yakumanja inatha mpaka ankatha kuponda ndalama n'kudziwa ngati ili mutu kapena mchira. Wosoka nsapato wa pamsika akanachitira umboni, akanakhala kuti sanasamuke.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo Lamlungu lililonse ndimakhala kumbuyo kwa tchalitchi kuyang'anira masipika. Achinyamata akabwera ndi magitala awo opanga okha n'kufunsa kuti aike kandalama kapena maginito, sindiyankha msanga. Ndimafunsa kuti zingwe n'zotani, ndipo akati zitatu, ndimafunsanso mpaka kachitatu, ngakhale pabwere munthu atasenza wailesi yakanema. Zonse ziwiri n'zabwino. Chachikulu n'kudziwa chimene khutu lililonse limatha kumva, n'kulipatsa chimenecho. Ife tinakhala zaka tikuvomera atate ndi mitu, iwo akutivomeranso ndi mutu, tonse tikuganiza kuti ndi ulemu. Zinatengera twaini wa nsomba kuti tiyambe kukhala pafupi nawo, kuwagwira phewa, n'kulankhula akutiona pakamwa.

Atate akalamba tsopano, ali ku Katete, gitala ili pakhoma pamwamba pa bedi lawo ndipo ikununkhirabe fodya wa ku Kabulonga. Amanenabe kuti sanagonthe. Ndikapita ndimaitsitsa, ndimakhala pafupi n'kuwaimbira, bokosi litagunda phewa lawo. Akayamba kumwetulira ndi kugwedeza mutu ndimadziwa kuti akungondikonda, ndiye ndimasendera pafupi n'kukhwatcha mwamphamvu. Ndimaleka pokhapokha akachita makwinya n'kunena kuti, "Mama, zaka zonsezi, chingwe chapakati chikadali chotsika."