Ndodo ya Gofu ya Alamu Anga

Alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, anabwerera ku Feira kuchokera kumigodi atanyamula sutikesi ndi ndodo imodzi ya gofu, masewera omenya kampira ndi ndodo. Kumeneko ankanyamulira mabwana chikwama cha ndodo, mpaka nawonso anaphunzira kumenya. Inali nthawi ija ndege za ku Rodeshiya zinkawoloka Zambezi, ndipo asilikali anali atatiletsa kupita kutali ndi maukonde. Asodzife tinkangokhala paboma, kusowa chochita.

Ine ndinkadziwika ndi mikono. Bwato lodzaza nsomba ndinkalipalasa ndekha kukwera mtsinje, anthu akundiloza ali pagombe. Koma chichokereni tsiku limene ndege zinatipeza pamadzi kufupi ndi mudzi wa Kavalamanja, mikonoyo inasiya kundimvera. Sindinavulale ayi. Kungoti inkakhala yokungika nthawi zonse, ngati ndikadagwirabe nkhafi. Kapu ya tiyi ndinkainyamula ndi manja awiri kuti isatayike. Ankadziwa zimenezi ndi mkazi wanga yekha.

Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi, alamu anatenga ndodo yawo kupita nayo kubwalo la mpira. Anthu anawatsatira, amayi a pamsika, ana, ngakhale asilikali angapo. Anaika kampira koyera pakamulu ka dothi, n'kukweza ndodo mwaulesi ngati munthu wosafuna. Mikono yawo inali yowonda, yofewa ngati chingwe. Tinangomva kuti thwa, kampira kaja n'kukagwa kuseri kwa golo. Anthu anakuwa.

Kenako anandikodola. “Alamu, bwerani. Ngati ine wowondane ndafika uko, inu mukagwetsa ku Mozambiki.”

Ndikanakana bwanji anthu onse akuwomba m'manja? Ndinailandira ndodo ija.

“Musaifinye choncho,” anatero. “Gwirani ngati mwagwira kansomba kamoyo. Kasapulumuke, komanso musakaphe.” Anandigwira pamkono, n'kuseka. “Kodi iyi ndi mikono kapena zipika za mtengo wa mupani? Masulani, alamu. Mphamvu sizifunika apa.”

Ndinayesa kumasula, koma mapewa anali atakwera kale kufika m'makutu. Nditamenya, ndodo inadutsa pamwamba, kampira kali phee. Nditabwereza ndinakumba dothi, fumbi n'kundilowa m'kamwa. Anthu anaseka, ine n'kusekera nawo. Mpaka apo zinali zopiririka.

Ndikukwezanso ndodo, lole ya asilikali inalira mwadzidzidzi kumsewu, injini ikuphulika. Sindikumbuka kuti ndinagwa bwanji. Ndinangozindikira ndagona chafufumimba, nkhope m'dothi, ndikukuwa kuti aliyense agone pansi. Panalibe wina amene anagona. Kuseka konse kunatha, ndipo bata limenelo linandipweteka kuposa kuseka kuja. Ndinamva mayi wina akunong'ona kuti, “Si aja opalasa aja amenewa?”

Ndodo inali ikadali m'manja mwanga, ndipo zala zinakana kutseguka. Alamu anagwada pambali panga n'kuyamba kuziwongola chimodzichimodzi, pamaso pa apongozi anga, pamaso pa ana anga. “Basi, masewera atha,” anauza anthu. “Dzuwa lawatentha alamuwa.” Aliyense ankadziwa kuti si dzuwa.

Ndinasiya kupita kumsika. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo, n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Mmawa wina alamu anafika kwathu ndi ndodo, opanda kampira. Ananditengera kuseri kwa nyumba, kumene kunalibe wotiona kupatula mbuzi.

“Ingoigwedezani,” anatero. “Uku ndi uku. Tulutsani mpweya. Lekani mutu wa ndodo ukukokeni wokha.”

“Alamu, za tsiku lija…”

“Gwedezani, alamu.”

Sanandifunse zimene ndinaona pamadzi, ine sindinawauze. Ankangobwera, ine n'kumagwedeza, nthawi zina misozi ikutsika popanda chifukwa chimene ndikanatchula. Mvula itayandikira ndinayamba kumva kulemera kwa chitsulo chija kumapeto kwa ndodo, ndipo zigongono zinayamba kupinda zokha. Tsiku limene anabweretsa kampira ndinakamenya, kosapita patali, n'kukagwera m'bango. Tinakafunafuna mpaka kutopa, osakapeza.

Nkhondo itatha alamu anapeza ntchito ku Lusaka, napita ndi ndodo yawo. Ine ndinabwerera kumsika ndi dengu la nsomba. Amayi a kumeneko anali atandipatsa kale dzina, ankanditcha Agofu. Poyamba ndinkayang'ana kumbali ngati sindinamve, koma nsomba zinafunika kugulitsidwa, ndiye ndinayamba kuyankha.